Mafilimu akale a kaumbidwe ka mabelu ndi nyimbo zake: mafunso ndi mayankho

Amene waonerako filimu yakale ya ku Ulaya yoonetsa amisiri akuumba belu la tchalitchi amaidziwa ndondomeko yake: amuna atavala maepuloni akumata dongo, chitsulo chamoto chikuyenderera ngati phala, kenako belu likulira nyimbo ili tiketike. Zimene maso akuona m'mafilimu amenewa n'zodalirika ndithu. Zimene makutu akumva n'zofunika kuzisefa. Mayankho ali m'munsimu akuthandizani kusiyanitsa ziwirizi.

Kodi mafilimu amenewa anawajambula ndani, ndipo chifukwa chiyani?

Ambiri mwa amene amapezeka pa intaneti ndi timafilimu ta nkhani timene ankationetsa m'nyumba za kanema filimu yeniyeni isanayambe. Ku Britain, kampani ya Pathé inkatulutsa nkhani zotere kuyambira 1910 mpaka 1970, ndipo British Movietone inayamba mu 1929 ndi nkhani zokhala ndi mawu. Ojambula awo ankapita ku mafakitale atatu otchuka: Whitechapel ku London, John Taylor & Co ku Loughborough, ndi Gillett & Johnston ku Croydon. Chimene chinkawakoka ndi belu lalikulu kapena belu lokhala ndi nkhani kumbuyo kwake, monga Freedom Bell, lolemera matani pafupifupi 10, limene anaumba ku Croydon n'kukalipachika ku Berlin mu 1950. Kafilimu kotere kamatenga mphindi imodzi, ziwiri kapena zitatu, pomwe ntchito imene kakuonetsa inatenga masabata ambiri.

Palinso mafilimu amene mafakitale ankalipira okha pofuna kukopa makasitomala, ndi ena ojambulidwa ndi ofufuza kuti luso lisafe pamodzi ndi eni ake. Ofufuza a ku Göttingen ku Germany, amene anayambitsa Encyclopaedia Cinematographica mu 1952, ankajambula ntchito zamanja mosathamanga ndiponso osaikamo nyimbo. Ngati cholinga chanu n'kuphunzira ntchitoyi, funani filimu yojambulidwa mwa mtundu umenewu. Imatopetsa kuonera, koma siidumpha sitepe.

Chimene akumata m'mafilimumo ndi chiyani?

Ndi chikombole. Belu saumba ndi nyundo ngati khasu. Amasungunula chitsulo n'kuchithira pampata wa pakati pa zikombole ziwiri, chamkati ndi chakunja. Mpata umenewo ndiwo belu. Ukakula ndi mamilimita ochepa chabe pamalo ena, kulira kwa belu kwasintha.

N'chifukwa chake chida chofunika kwambiri m'fakitale monse ndi thabwa looneka wamba limene mumaliona likuzungulira pa mtengo wachitsulo woimikidwa pakati. M'mphepete mwa thabwalo mwasemedwa mpendero wa belu, kuchokera kumutu mpaka kukamwa. Mmisiri amaponya dongo, n'kuzungulitsa thabwa, ndipo thabwalo limakokolola dongo lopitirira mpaka chikombole chitatenga maonekedwe oyenera. Kajambulidwe ka mpenderowo ndiko kanali chinsinsi cha banja lililonse la oumba mabelu, ndipo kamera siikhalitsapo pamenepo.

Chikombole chamkati amachiyamba ndi njerwa, n'kusiya mphako mkati moti asonkhemo moto wa makala. Amamata dongo lokhakhala, kuliumitsa, kumatanso losalalako, kuliumitsanso, mpaka kangapo. Gawo lililonse liyenera kuuma gwa lisanalandire linzake. Apa m'pamene masabata amathera, ndipo m'filimu pamangotenga masekondi khumi.

N'zoona kuti amasakanizamo ndowe?

Zoona. Dongo la mabelu amalisakaniza ndi mchenga, ndowe za akavalo ndi ubweya. Ku Whitechapel ankagwiritsa ntchito ubweya wa mbuzi. Ubweyawo umamanga dongo kuti lisang'ambike pouma. Ndowe zili ndi timaudzu tophwanyika bwino, ndipo chikombole chikatenthedwa timaudzuto timapsa n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso. Mpweya wotentha umathawira m'timabowomo pamene chitsulo chikulowa. Dongo lopanda timabowo limatsekera mpweyawo mkati mwa chitsulo, ndipo belu limatuluka ndi mphako ngati chinkhupule.

Mafilimu ena amaonetsa amisiri akuphwanya belu ladongo limene angomaliza kuumba. Alakwitsa?

Sanalakwitse. Imeneyo ndi njira ya ku Germany, France, Italy ndi maiko oyandikana nawo. Pamwamba pa chikombole chamkati amaumbapo belu lonamizira, ladongo, lofanana ndendende ndi limene akufuna. Amalipaka mafuta a ng'ombe kuti lisamamatirane ndi zimene zikubwera pamwamba pake, kenako amamatapo zilembo, mitanda ndi zithunzi zopangidwa ndi phula. Akatero amapakapo dongo lamadzimadzi ndi bulashi, kangapo, mosamala kuti lilowe m'ngodya iliyonse ya zilembo, ndiyeno amamanga chikombole chakunja chochindikala, cholimbitsidwa ndi ulusi ndi mawaya. Moto ukayatsidwa mkati, phula limasungunuka n'kusiya chidindo chake m'dongo. Amanyamula chikombole chakunja ndi tcheni, n'kuphwanya belu lonamizira lija, n'kubwezeretsa chikombolecho pamalo pake. Pamene panali belu ladongo tsopano pali mpata.

Ku England, kuyambira m'zaka za m'ma 1800, mafakitale akuluakulu anasiya njirayi. Amamata dongo mkati mwa chigoba chachitsulo chobowolabowola, ndipo zilembo amazidinda m'dongo likadali lofewa.

Izi zimathandiza kudziwa kumene filimu inajambulidwa ngakhale itataya mutu wake. Mukaona mmisiri akumata zilembo zaphula zowerengeka bwinobwino, njirayo ndi ya belu lonamizira. Mukaona atawerama m'chigoba akudinda zilembo zimene zikuyenda chobwerera ngati za pagalasi, ndi njira ya Chingelezi. Koma zilembo zikaoneka chobwerera pa belu lomalizidwa, dziwani kuti amene anasamutsa filimuyo anaitembenuza.

Chitsulo chake ndi chiti?

Mkuwa wosakaniza ndi tin (chitsulo choyera chofewa), pafupifupi magawo 78 a mkuwa ndi magawo 22 a tin pa 100 aliwonse. Kunena mwachidule, makilogalamu anayi a mkuwa pa kilogalamu imodzi ya tin. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, tin pa madigiri 232 okha, choncho tin amamuika kumapeto kuti asapserere m'ng'anjo. Pothira, chitsulo chimakhala pa madigiri pafupifupi 1,100 kapena kupitirira pang'ono.

Tin ndiye amapatsa belu kulira kwautali, komanso ndiye amalichititsa kukhala losachedwa kusweka. Akachepa, belu limafewa ndipo liwu limazima msanga. Akachuluka, limalira mokoma koma limang'aluka ngati mbale yadothi. Za siliva amene amati anthu ankaponya m'ng'anjo kuti liwu likome, musazitengere. Siliva sawonjezera chilichonse chabwino pa kulira kwa belu.

M'mafilimu a ku England mudzaona munthu akuvundula chitsulo chosungunuka ndi mtengo wauwisi wa willow, chitsulocho n'kumabwadamuka. Si mwambo chabe ayi. Kubwadamukako kumatulutsa mpweya wosungunukira m'chitsulo. Akatero amayengula zinyalala zoyandama pamwamba.

Tsiku lothira chitsulo, n'chiyani chingalakwike?

Choopsa kuposa zonse ndi chinyezi. Dontho la madzi likakumana ndi chitsulo cha madigiri 1,100 limasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imatha kulavula chitsulo chamoto kumaso kwa anthu kapena kuswa chikombole. Chachiwiri ndi kulemera kwa chitsulocho: chimakankha chikombole chakunja kuti chinyamuke. N'chifukwa chake mabelu aakulu amawakwirira m'dzenje n'kusinja dothi mozungulira, gawo ndi gawo. Amuna amene mumawaona akuzungulira m'dzenje ndi misi sakuvina. Dothi likasinjidwa mopereweza, chikombole chimatseguka pansi ndipo chitsulo chonse chimathawira m'nthaka.

Chachitatu ndi kudukiza. Chitsulo chiyenera kulowa mosalekeza mpaka chikombole chitadzaza. Chikaima ngakhale pang'ono, choyamba chimayamba kugwira, chachiwiri sichilumikizana nacho bwino, ndipo pamakhala msoko umene udzang'ambike tsiku lina belu lili kale pansanja. Chikombole chamkati chikasendera mbali imodzi, belu limachindikala mbali imodzi, ndipo liwu lake limanjenjemera, wa-wa-wa, chifukwa mbali ziwirizo zikulira mosiyana pang'ono.

Timalawi timene mumationa tikutuluka pa timipope pamwamba pa dzenje ndi mpweya wothawa m'chikombole umene wayaka. Mmisiri wamkulu amayang'ana timalawito ndipo amamvetsera mkokomo wa chitsulo. Kamvekedwe kake kakasintha amadziwa kuti chadzaza. Phokoso limeneli, lofunika chonchi pa ntchitoyo, ndi limene nyimbo za m'filimu zimakwirira.

Ku Germany, mafakitale ambiri amasunga mwambo wothira chitsulo Lachisanu 3 koloko masana, pokumbukira ola limene Yesu anafa, ndipo mmisiri amatchula dzina la Mulungu asanatsegule ng'anjo. Mukaona wansembe ndi khamu la anthu ovala bwino m'fakitale, ndi akhristu a mpingo umene waitanitsa belulo.

Kuzizira nakonso sikufuna phuma. Big Ben, belu lalikulu la wotchi ya pa Nyumba ya Malamulo ku London, amene anathiridwa ku Whitechapel pa 10 April 1858, anatenga mphindi 20 kudzaza chikombole ndi masiku 20 kuti azizire. Tsar Bell ya ku Moscow, yolemera matani oposa 200, inali ikadali m'dzenje pamene moto unabuka mu 1737; anthu anathira madzi pa chitsulo chotentha, ndipo chibenthu cha matani oposa 11 chinaphotchoka. Belulo silinalirepo.

Kodi phokoso limene tikumva ndi la m'fakitale momwemo?

Kawirikawiri ayi. Mafilimu ojambulidwa chisanafike chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 analibe mawu n'komwe. Nyimbo inkaimbidwa pompo m'nyumba ya kanema ndi woimba piyano, ogani kapena kagulu ka zoimbira, ndipo inkasiyana malo ndi malo. Mukapeza filimu ya 1920 ili ndi nyimbo pa intaneti, nyimboyo anaiika ndi munthu wa masiku ano.

Ngakhale mawu atabwera, zida zojambulira mawu zinali zolemera, kamera inkapanga phokoso lake, ndipo fakitale ndi malo osokosa. Ojambula ankatenga zithunzi zokha, n'kukaikira ndemanga, nyimbo ndi phokoso ku situdiyo. Zinayamba kusintha cha m'ma 1960, pamene matepi onyamulika monga Nagra III, imene inatuluka mu 1958, analola kujambula mawu ndi zithunzi nthawi imodzi.

Mungadziyesere nokha. Yang'anani nyundo kapena lilime la belu pamene likugunda, muone ngati liwu likutuluka nthawi yomweyo. Yerekezaninso kukula kwa belu ndi kuzama kwa liwu. Lamulo lake n'losasintha: belu likakula kawiri m'mimba mwake, liwu limatsika ndi okitevu imodzi (kuchoka pa do kufika pa do wa pansi) ndipo kulemera kumachuluka kasanu ndi katatu. Belu la mita imodzi kukamwa limalemera makilogalamu pafupifupi 600. Ngati belu lotalika kuposa munthu likulira ngati la pasukulu ya pulayimale, liwulo analibwereka kwina.

Nanga nyimbozo zinkachokera kuti?

Mafilimu ochepa okha, a ndalama zambiri, ndi amene ankalemba ntchito wopeka nyimbo. Ena onse ankabwereka nyimbo zojambuliratu kwa makampani a ntchito imeneyo ku London. De Wolfe inayamba mu 1909 ndi nyimbo zolembedwa papepala za mafilimu opanda mawu, n'kuyamba kujambula mu 1927. Chappell inatsegula nkhokwe yake mu 1941, ndipo KPM inabwera m'zaka za m'ma 1950. Nyimbozo ankazisanja potengera mtima wake: za makina, za mwambo waulemu, za kumudzi, za chisangalalo. Mkonzi ankangosankha yofulumira pa ng'anjo, yachifatse pa manja a mkulu womata zilembo, ndi yaulemu pamapeto. N'chifukwa chake nyimbo imene mwaimva pa belu mungaipezenso pa filimu ya sitima kapena ya fakitale ya mabisiketi.

Tisazinyoze nyimbozi, zambiri zinaimbidwa ndi akatswiri. Vuto lake n'lakuti zimapereka chithunzi cha ntchito yothamanga ndi yosangalatsa, pomwe kuumba belu ndi ntchito yodikira, ndipo mphindi yothira chitsulo imachitika anthu ali chete.

Mabelu amene amamveka mkati mwa nyimbo ndi enieni?

Nthawi zambiri ndi mapaipi achitsulo olendewera amene oimba amawagunda ndi kanyundo, otchedwa tubular bells, amene anayamba kupangidwa ku Coventry m'zaka za m'ma 1880. Belu lenileni la liwu lozama limalemera matani, silingalowe m'situdiyo. Mapaipiwo amamveka oyera ndi opepuka, alibe kung'ung'udza kwa pansi kumene kumatsalira belu lenileni likagundidwa.

Bwanji belu lenileni likalira pamodzi ndi nyimbo zimamveka ngati zikukangana?

Chifukwa belu silitulutsa noti imodzi. Likagundidwa limatulutsa manoti ambiri nthawi imodzi, ndipo asanu ndi amene amisiri amawachuna. M'Chingelezi amawatcha hum, prime, tierce, quint ndi nominal. Amene anaimbako kwaya ya solofa amva msanga: prime akakhala la, hum ndi la wa pansi, tierce ndi do, quint ndi mi, nominal ndi la wa pamwamba. Ndiye kuti m'belu limodzi muli kale la, do, mi, kugwirizana kwa manoti kumene kumamveka kwachisoni.

M'manambala, belu lochunidwa bwino la prime wa 440 Hz (kunjenjemera ka 440 pa sekondi) limakhala ndi hum wa 220, tierce wa 528, quint wa 660 ndi nominal wa 880. Tsopano oimba akaimba manoti atatu ogwirizana achisangalalo oyambira pa noti yomweyo ya 440, noti yawo yapakati imakhala pa 554. Manoti a 528 ndi 554 ali pafupi kwambiri moti amakwechana m'khutu. Mkonzi amene wangoika belu pamwamba pa nyimbo yachipambano amagwa m'mbuna imeneyi, ndipo ambiri ankaithawa potsitsa belu kapena kulidula msanga. Opeka nyimbo za carillon, chida cha mabelu osachepera 23 oimbidwa ndi zibakera ndi mapazi, amalidziwa vutoli ndipo amasamala kwambiri manoti apansi. Sukulu yawo yotchuka ili ku Mechelen ku Belgium, imene Jef Denyn anatsegula mu 1922. Belu la tierce wachisangalalo linadzatheka m'zaka za m'ma 1980, pamene fakitale ya Eijsbouts ku Asten inagwirizana ndi akatswiri a yunivesite ya ku Eindhoven, ndipo maonekedwe ake ndi achilendo, otupa pamimba.

Kuchuna belu kumachitika bwanji?

Belu amaliumba lochindikala pang'ono mwadala. Likazizira n'kutsukidwa, amaligadamitsa pa makina ozungulira, kukamwa kuli m'mwamba, ndipo mpeni wa makinawo umapala chitsulo mkati. Kupala kumatsitsa manoti, ndipo malo amene mwapala ndi amene amasankha noti imene itsike kwambiri: cha kuphewa kumakhudza kwambiri prime, cha kukamwa kumakhudza nominal. Wochuna amapala pang'ono, kuimitsa makina, kugogoda, kuyerekeza ndi timafoloko tochunira (tizitsulo totulutsa noti yodziwika tikagogodedwa), n'kupalanso. Chimene chapalidwa sichibwerera. Akapitiriza muyeso, belu limabwerera kung'anjo.

Luso limeneli analidziwa François ndi Pieter Hemony m'zaka za m'ma 1600 ku Netherlands, mothandizana ndi Jacob van Eyck, woimba wosaona wa ku Utrecht. Linadzatayika iwo atapita. M'busa wina wa ku England, Arthur Simpson, analemba za nkhaniyi mu 1895 ndi 1896, ndipo a Taylor anayamba kuchuna manoti onse asanu mu 1896. Mabelu a carillon ya ku City Hall ku Cape Town, imene inaikidwa mu 1925, ndi a fakitale yomweyo.

Mafilimu amaonetsa gawo ili kwa masekondi ochepa, belu likuzungulira ndi nyenyeswa zikugwa, nyimbo ili pamwamba. N'zomvetsa chisoni, chifukwa apa ndi pamene chitsulo chimasanduka choimbira.

Ndingadziwe noti ya belu poyeza liwu la m'filimu?

Mosamala kwambiri, ndipo pokhapokha mutatsimikiza kuti liwulo ndi la belu lomwelo. Filimu ya mawu imayenda pa zithunzi 24 pa sekondi. Poisamutsira pa TV kapena vidiyo ya ku Ulaya, ankaiyendetsa pa zithunzi 25. Kusiyanako ndi 4 peresenti, ndipo kumakweza liwu lililonse: noti ya 440 Hz imamveka pa 458 Hz, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a semitoni (mpata wa pakati pa mi ndi fa). Bwezerani kaye liwiro musanayeze.

Mzere wa mawu wa m'mphepete mwa filimu, makamaka ya 16 mm, sugwira bwino manoti ozama kwambiri kapena okwera kwambiri, choncho hum wa belu lalikulu amasowa. Filimu ikafota ndi ukalamba liwu limagwedezeka, ndipo mungaganize kuti belu ndi lolakwika pomwe vuto ndi la filimu. Pa mafilimu opanda mawu vuto ndi liwiro la zithunzi: ambiri anajambulidwa pa zithunzi 16 mpaka 18 pa sekondi, ndipo akaonetsedwa pa 24 amisiri amaoneka akuthamangathamanga. Sankagwira ntchito chotero.

Bwanji mafilimu ambiri ndi a zaka zotsatira nkhondo?

Chifukwa nkhondo zinadya mabelu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Nazi linalanda mabelu pafupifupi 175,000 ku Germany ndi m'maiko amene linagonjetsa, kuti mkuwa ndi tin zipite ku zida. Ambiri anasungunulidwa. Otsala anaunjikidwa pa doko la Hamburg, pamalo amene anthu anawatcha manda a mabelu. Nkhondo itatha, mipingo inasonkha ndalama zoumbitsa ena, mafakitale anadzaza ndi ntchito, ndipo kufika kwa belu latsopano m'mudzi, litakongoletsedwa ndi maluwa pangolo, inali nkhani yoti ojambula sangaiphonye. Mipingo yosowa ndalama inkagula mabelu a chitsulo cha steel, monga a kampani ya Bochumer Verein, otsika mtengo koma ogwidwa dzimbiri.

Belu likang'aluka latha?

Nthawi zambiri liwu limafa, limangoti phwa. Big Ben amene ambiri anamumva pa wailesi ya BBC ndi wong'aluka: anang'aluka mu 1859 chifukwa nyundo yake inali yolemera kuposa kawiri muyeso umene woumba anapereka. Anamutembenuza kuti nyundo igunde pena, anaika nyundo yopepuka, ndipo anadula kabowo kuti mng'alu usapitirire. Masiku ano mabelu ena amawotcherera, koma amayamba atenthetsa belu lonse n'kuliziziritsa pang'onopang'ono. Kuwotcherera belu lozizira kumangobala ming'alu ina.

Limu ya galimoto imene timagunda kusukulu imasiyana bwanji ndi belu?

Nayonso imatulutsa manoti ambiri, koma palibe anawasanja, choncho amamveka ngati phokoso lakuthwa m'malo mwa noti yoti mungaiimbe. Imagwira ntchito yake bwino ikapachikidwa momasuka pa waya, osakhudza mtengo. Amene akufuna kuyesa kuumba kabelu kakang'ono asagwiritse ntchito zidutswa za mipope ndi maloko: zimenezo ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc, nthawi zina ndi mtovu, utsi wake umadwalitsa ndipo liwu lake silikhalitsa.

Ndingawaone kuti, ndipo ndingawagwiritse ntchito?

British Pathé inaika mafilimu ake pafupifupi 85,000 pa YouTube mu 2014. Lembani dzina la fakitale kapena la tauni posaka. BFI National Archive imasunga mafilimu ambiri a mafakitale a ku Britain, ndipo a ku Göttingen aja tsopano ali ku laibulale ya TIB ku Hannover. Kuonera si chilolezo chogwiritsa ntchito. Zithunzi zili ndi mwini wake, ndipo nyimbo kawirikawiri zili ndi mwini wina, kampani imene inabwereketsa, choncho chilolezo chimafunika kuwiri.

Mukapeza mpukutu weniweni wa filimu, onani kukula kwake. Ya 35 mm yopangidwa isanafike 1951 ikhoza kukhala ya nitrate, imene imayaka moopsa ndipo madzi saizimitsa. Musaiike m'makina, isungeni kutali ndi kutentha ndipo dziwitsani osunga zakale. Ya 16 mm siyaka chotero, koma ikayamba kununkha viniga ndiye kuti ikuwola. Ipatuleni kwa inzake, iikeni pozizira ndi pouma, ndipo posamutsa pemphani kuti mzere wa mawu aujambule pawokha, pa liwiro la zithunzi 24 pa sekondi.